Sitima ya Nthunzi M'bafa la Amami

Ndikukumbukira bwino lomwe chaka chimene mipopi ya ku Parklands inkangotsokomola m'malo motulutsa madzi. Tinali titakhala ku Nairobi miyezi yochepa chabe, ine ndili ndi zaka khumi, ndipo fuleti yathu inali ya pamwamba penipeni, masitepe ake ofoola mawondo. Adadi anali atapeza ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri loona za usodzi, amami n'kusiya uphunzitsi wawo ku Lilongwe kuwatsatira. Madzi ankabwera kawiri pa sabata, nthawi zina kamodzi, ndipo akangobwera amami ankadzaza chilichonse chokhala ndi kukamwa: mapoto, ndowa, zigubu, mpaka bafa lenilenilo losambiramo. Bafa limenelo linasanduka chitsime cha pakhomo. Tinkasambira m'beseni, ndipo wotunga m'bafamo popanda chilolezo ankayenera kukhala ndi mayankho okwanira.

Kusukulu zinthu sizinkandiyendera. Ndinalowa Sitandade 5 pakati pa chaka, anzanga atagawana kale mabenchi ndi mabwenzi omwe. Chingerezi changa cha ku Lilongwe chinkawaseketsa, Chiswahili ndinkangodziwa moni ndi kugula mandazi, ndipo ndikanena kuti kwathu ndi ku Malawi ena ankafunsa ngati kumeneko n'kupitirira Kisumu, tauni ya m'dziko lawo lomwelo. Mfumukazi ya kalasi yathu anali Wambui, mtsikana wa ku Muthaiga amene ankabwera ndi dalaivala wovala tayi. Bambo ake anali ndi boti ku Mombasa, ndipo Lolemba lililonse tinkamva za botilo ngati kuti ndi m'bale wathu wodwala. Sikuti ndinkadana naye Wambui. Ndinkangolakalaka tsiku limodzi lokha loti anthu atembenukire kwa ine iye ali pakati poyankhula.

Tsikulo linafikadi, koma linafika ndi minga yake. Aphunzitsi athu a mbiri yakale, Madamu Akinyi, mayi wamtali woseka ndi thupi lonse, anabwera ndi kadengu kodzaza timapepala topindapinda. Pakapepala kalikonse panalembedwa chinthu chimodzi chimene chinasintha kadyedwe ka anthu padziko, ndipo aliyense anayenera kuchifufuza n'kudzachionetsa pa tsiku la makolo, patapita milungu itatu. Wina anatola firiji, wina khasu la ng'ombe, wina chigayo. Ine nditatambasula kanga ndinapeza zinthu zimene ndinali ndisanazimvepo chibadwire: sitima zoyambirira zausodzi zoyendera nthunzi. Kalasi yonse inaseka chifukwa cha mmene nkhope yanga inagwera.

"Zakugwera bwino, Tadala," anatero Madamu pofuna kundipulumutsa. "Si kwanu kuli nyanja yaikulu?"

Nyanjayo ndinali nditaiona kamodzi kokha, ku Salima, ndili ndi zaka zisanu, ndipo funde litandinyambita zala za kumapazi ndinalira mpaka anandibwezera ku galimoto. Koma maso onse anali pa ine, a Wambui omwe. Pakamwa panga panangotseguka pokha. Ndinati agogo anga aamuna anali kaputeni wa sitima yoteroyo, ankavala chipewa choyera ndi jekete la mabatani agolide, ndipo akaliza wezulo nsomba zinkathawira ku Mozambique. M'kalasi munangoti zii. Bodza limakoma likamatuluka, ndisakunamizeni. Panthawi yopuma ndinadya samusa za anthu atatu, ndipo Wambui anandisungira malo pa benchi yake. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tikuweruka, Madamu analemba m'kabuku kanga ka mauthenga, kamene makolo ankasaina tsiku ndi tsiku, kuti akupempha bambo anga adzafotokozere kalasi za kaputeniyo pa tsiku la makolo.

Kabukuko ndinakabisa masiku awiri, ndikumanena kuti ndakaiwala kusukulu. Tsiku lachitatu amami anakapeza pansi pa chikwama, kali pakati pa masokosi akuda, ndipo titatha kudya anakaika patsogolo pa adadi. Adadi anawerenga, anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwerenganso.

"Kaputeni wake uti ameneyu, Tada?"

Ine maso anali pa njere za mpunga zotsala m'mbale. Amami anali atatseka pakamwa ndi m'mphepete mwa chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Agogo ako a Yohane anagwiradi ntchito m'sitima ya nthunzi," anatero adadi. "Koma sinali yausodzi, inkanyamula anthu ndi katundu. Ndipo chipewa choyera sanachivalepo. Iwo anali pansi, kumoto. Ankaponya nkhuni m'ng'anjo."

Woponya nkhuni! Ndikanakonda akanakhala ngakhale wogulitsa matikiti. Ndinayamba kuwachonderera adadi kuti patsikulo adzangoti ali ndi msonkhano, kapena adzangogwedeza mutu basi, poti kugwedeza mutu si bodza. Iwo anakana zonse ziwiri mwaulemu wawo uja wopweteka kuposa chikwapu. Anati kusukulu adzapita, pakuti aitanidwa, ndipo sadzayamba okha kundiulula pamaso pa anzanga. Koma akadzafunsidwa adzayankha zimene akudziwa, chifukwa sangakanamize ana a eni ake. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero, n'kusaina kabuku kaja.

Ndinagona ndikuganiza, ndipo ndinadzuka ndi nzeru ya mwana wa zaka khumi. Ukaipa dziwa nyimbo. Ndinatsimikiza kuti ndidzaonetsa chinthu chodabwitsa kwambiri moti palibe adzakumbukire zofunsa za agogo a munthu. Anzanga ankakonza zojambula pamapepala aakulu. Ine ndinauza adadi kuti ndikufuna sitima yeniyeni, yoyenda ndi moto, yokoka khoka, yogwira nsomba anthu akuona. Ndinkayembekeza kuti akana. Koma ndinaiwala kuti munthuyu anali ndi madigiri awiri a za nsomba ndipo ankakhalira kulemba malipoti m'ofesi yopanda ngakhale chithaphwi pafupi. Maso awo anawala kuposa anga.

Madzulo otsatira anabwera ndi mabuku akuluakulu a kuntchito kwawo, onunkhira fumbi, ndipo tebulo lathu lodyera linasanduka nyanja. Mbale ya shuga inali doko, masipuni anali ngalawa. Anandifotokozera kuti kale asodzi a m'nyanja zozizira za ku Ulaya ankakoka makoka awo pansi pa nyanja ndi ngalawa za matanga, choncho mphepo ndiyo inali bwana. Ikaleka kuomba, khoka linkangogona pansi, anthu n'kumayang'anana. Ikatembenuka pobwerera, nsomba zinkaolera m'njira. Ndiye chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anthu ena a ku Britain anayesa kumangirira khoka kumbuyo kwa tisitima ta nthunzi tokoka zombo padoko, timene tinali titayamba kusowa ntchito. Anzawo anawaseka, koma kuseka kunatha ataona nsomba. Posakhalitsa anayamba kupanga sitima zausodzi zenizeni, zachitsulo, za chumuni chachitali, zokhala ndi makina a nthunzi okwezera khoka limene kale linkathyola misana ya amuna. Nsomba ankazithira ayezi, zikafika padoko n'kukwera sitima ya pamtunda, mpaka anthu a m'matauni osaonako nyanja anayamba kudya nsomba zaziwisi.

Adadi akamafotokoza zimenezi ankayendetsa sipuni pakati pa makapu, ndipo akafika pa mfundo yoti nsomba za pafupi zitachepa sitimazo zinayamba kupita kutali, kunyanja za madzi oundana, sipuniyo inkafika mpaka m'mbale ya amami. Koma chimene chinkanditopetsa n'chakuti nkhani yawo iliyonse inkathera pansi pa sitima. Ankandionetsa chithunzi cha amuna akuda bii ndi malasha, ovula malaya, atagwira mafosholo patsogolo pa ng'anjo, n'kumati kunja kukuzizira koopsa koma anthu awa akusamba thukuta. Ine ndinkatsegula tsamba lina kufuna kuona mmene chipewa cha kaputeni chinkasokedwera. Ndinachipangadi chipewacho, cha katoni, n'kuchimata pepala loyera ndi nangula wodula ku pepala lonyezimira la chokoleti.

Loweruka m'mawa tinakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kupita ku Kamukunji, kumene amisiri a malata amagwirira ntchito panja, dzuwa likuwaswa. Phokoso la kumeneko simungalimvetse ngati simunapiteko: nyundo mazanamazana zikumenya malata nthawi imodzi, moti mano amachita kunjenjemera m'kamwa. Paliponse panali mbaula, ndowa, masefuliya ndi mabokosi abuluu a ana a sukulu zogonera komweko. Adadi, atavala nsapato zawo za kuofesi, anatambasula pulani yojambula ndi rula pamaso pa mmisiri wina wachikulire wa zala zokhakhala. Anafotokoza nthawi yaitali m'Chiswahili chawo chothyokathyoka, akuthandizira ndi manja. Mkuluyo anamvetsera modekha, kenaka anaitembenuza pulaniyo n'kuikapo kapu yake ya tiyi.

"Mzee, unataka meli ya mtoto," anatero. Ankatanthauza kuti tikufuna sitima ya mwana basi, ndipo anali atapangapo zambirimbiri za ana a amwenye a ku Parklands komweko.

Anadula chitini cha mkaka waufa, anapinda, anawotcherera, ndipo pasanathe maola awiri sitima inali m'manja mwanga, yaitali ngati nsapato ya adadi, ya chumuni chopendekera kumbuyo. M'kati mwake munali kathanki kaphwatalala kokhala ndi timapaipi tiwiri totulukira kumbuyo, pansi pa madzi. Ukathira madzi m'timapaipito n'kuyatsa moto pansi pa kathankiko, nthunzi inkakankha madziwo kunja, sitima n'kumayenda. Mkulu uja anatipatsanso kambale kakang'ono ngati chotsekera botolo, koikapo thonje loviika mu spiriti, kameneko ndiye kanali ng'anjo yathu. Khoka tinapanga tokha pobwerera, ndi kathumba ka anyezi, n'kumangirira timanati tiwiri kukamwa kwake kuti lizimira.

Titafika kunyumba amami anali atapita ku mapemphero a amayi a Chimalawi. Sitima tinali nayo, khoka tinali nalo, chinatsala ndi nyanja ndi nsomba. Ndinawaona adadi ataima pakhomo la kubafa, manja m'chiuno, akuyang'ana madzi oyera mbee amene amami anadzaza dzulo lake. Anayang'ana wotchi. Anandiyang'ana ine. "Mphindi khumi zokha," anatero, "sadziwa n'komwe."

Za nsombazo ndiyenera kufotokoza pang'ono. Masiku amenewo Mmalawi aliyense wobwera ku Nairobi kuchokera kumudzi ankanyamula usipa wouma m'sutikesi, ataukulunga m'manyuzipepala ndi m'majumbo atatu kuti zovala zisanunkhe. Akafika, amayi ankaugawana ndi kapu pambuyo pa mapemphero, ndipo khomo lililonse linkausunga ngati mankhwala, kuuphika pokhapokha wina akasowa kwawo kwambiri. Wathu unkakhala m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Adadi anakwera pampando, anatapa dzanja lodzaza, n'kuuwaza m'bafa monse.

Titayatsa thonje panapita kamphindi, kenaka kasitima kananjenjemera n'kuyamba kulira kuti pho-pho-pho-pho, kakuyenda kokha kuchokera kumpopi kulowera kumapazi a bafa. Ndinakuwa mpaka galu wa pansi anauwa. Adadi, munthu wa masuti, anali atagwada pa simenti yonyowa akuomba m'manja. Koma titakweza khoka munalibe kanthu. Tinayesanso, munalibe kanthu. Khoka linkakwawa pansi monga mmene mabuku ananenera, pamene usipa wonse unali pamwamba, ukuyandama mwamtendere, sitima n'kumangoukankhira kumbali. Adadi anati vuto ndi kukamwa kwa khoka. Anatenga pepala n'kuyamba kujambula mizere ndi manambala.

Ine poona kuti khoka likuilemera sitima ndinaganiza zoonjezera mphamvu. Ndinaviika chithonje chachikulu n'kuchiunjika pakambale paja. Moto unalilima mpaka kunyambita chumuni, utsi unadzaza bafa, kenaka lawi linadzitsamwitsa lokha n'kuzima, sitima n'kuima. Adadi anasiya kujambula. Anatsina kathonje kakang'ono ngati njere ya chimanga, anakaviika, anakaika ndi kopanira nsidze ka amami, ndipo kasanathe kupsa anaikanso kena. Sitima inayenda bwinobwino, khoka lili pambuyo. Anati umu ndi mmene agogo ankachitira, ndipo agogowo ankakonda kunena kuti moto wa sitima sudyetsedwa ngati mlendo, umadyetsedwa ngati khanda, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Ndinamva, koma ndinayankha kuti zimenezo azidzachita ndi iwowo, ine ndidzakhala nditaima ndi chipewa changa.

Mphindi khumi zija zinali zitasanduka maola awiri pamene tinamva kiyi pachitseko. Amami anaima pakhomo la kubafa ndi Baibulo kukhwapa. Anayang'ana madzi a sabata yonse, amene tsopano anali ndi mwaye, mafuta a spiriti ndi usipa wa m'chitini chawo. Anayang'ana kopanira nsidze kali m'manja mwa amuna awo. Ndinkadikira kuti denga ligwa, koma anafunsa funso limodzi lokha, motsitsa mawu.

"Bambo a Tadala, mwagwira zingati?"

"Pali kavuto pang'ono ndi khoka, amake mwana. Nsomba sizikulowa."

"Madigiri awiri a nsomba," anatero amami, "osadziwa kuti usipa wouma umayandama? Munayamba mwandionapo ndikuphika osauviika?"

Anatapa usipa wina m'bafamo, anauika m'kambale ka madzi ofunda, ndipo atautsanuliranso patapita nthawi unamira wonse mpaka pansi. Ulendo wotsatira khoka linatuluka ndi tinsomba tinayi. Amami anaseka mpaka anakhala m'mphepete mwa bafa, koma kuseka sikunafafanize mlandu. Mawa lake, tikuchokera kutchalitchi, galimoto yogulitsa madzi itaima pageti, adadi, akatswiri a za usodzi, anakwera masitepe aja kasanu ndi kawiri ndi zigubu ziwiriziwiri, mlonda wa pageti akuwalimbikitsa ndi sawasawa wake wa Chiswahili ulendo uliwonse. Ine ndinakwecha bafa.

Tsiku la makolo linafika msanga kuposa mmene ndinkafunira. Holo ya sukulu inadzaza mafuta onunkhira ndi nsapato zogogoda. Ife tinafika ndi beseni lalikulu lamalata lochapira, zigubu ziwiri za madzi, ndi kachitini kotseka bwino ka usipa umene amami anauviika kuyambira dzulo lake. Anzanga anaonetsa mapepala awo okongola, makolo akuomba m'manja mwaulemu. Itafika nthawi yanga anthu anazungulira beseni, ndipo nditangotsegula kachitini kaja fungo linatuluka ngati linali ndi ngongole ndi munthu aliyense m'holomo. Wambui anagwira mphuno. Mayi wina wa mikanda yambiri anabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Koma Madamu Akinyi anatseka maso n'kukoka mpweya wautali. "Omena!" anafuula, kutchula dzina la tinsomba totere kwawo kunyanja. Anati fungo limenelo ndi la kukhitchini kwa amayi awo, ndipo aliyense wogwira mphuno sanadyepo chakudya chenicheni.

Kenaka ananena chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anati lamulo la tsikulo n'lakuti makolo azingoonerera, ntchito yonse agwire mwana yekha. Adadi, amene anali atapinda kale manja a shati, anawapindulanso n'kubwerera m'gulu. Ndinatsala ndekha ndi chipewa changa cha katoni, machesi, ndi anthu oposa amene ndinawaonapo akundiyang'ana nthawi imodzi. Mantha amaiwalitsa. Pofuna kuti zithe msanga komanso zioneke zazikulu, ndinaunjika chithonje chonse pakambale n'kuyatsa. Lawi linadumpha, linapsereza mlomo wa chipewa changa, ana anakuwa mokondwa, kenaka linazima. Sitima inayenda pang'ono chabe n'kuima pakati pa beseni, khoka lili lende pambuyo pake. M'holo monse munkangomveka fungo la katoni yopserera ndi usipa.

Madamu Akinyi anali munthu wachifundo, ndipo chifundo chawocho ndicho chinandimaliza. Pofuna kundipatsa mpata woti ndikonze zinthu, anatembenukira kwa adadi. "Pamene tikudikira," anatero, "bambo ake a Tadala atiuzeko za kaputeni, bambo awo."

Adadi anapita patsogolo pang'onopang'ono. Anamanga batani la jekete. Sanayang'ane aphunzitsi kapena makolo anzawo, anayang'ana ine, ndipo m'maso mwawo munalibe ukali ngakhale pang'ono, munali kudikira basi. Ndinadziwa kuti akatsegula pakamwa anena zoona, ndipo ine ndidzakhala mwana amene anaululidwa ndi bambo ake pamaso pa sukulu yonse. Ndinavula chipewa chopsereracho n'kuchiika pansi.

"Madamu, ndinanama," ndinatero. "Agogo anga sanali kaputeni. Anali woponya nkhuni pamoto, pansi pa sitima. Ndipo sitima yake sinali yausodzi."

Sindinadikire kuona nkhope ya munthu. Ndinagwada pambali pa beseni, chifukwa manyazi amapepuka manja akakhala ndi chochita. Ndinachotsa chithonje chakupsa chija, ndinatsina kakang'ono, ndinakaviika, ndinayatsa. Kasanathe ndinaika kena. Kunali chete moti ndinamva madzi akuyamba kuwira m'kathanki. Kenaka pho, pho, pho-pho-pho-pho, kasitima kananyamuka, kakuzungulira m'mphepete mwa beseni, ine ndikukatsatira chogwada ndi kopanira nsidze m'manja, kudyetsa moto nthawi iliyonse kakandidutsa. Titakweza khoka linali ndi usipa wokwana ndiwo za mwana mmodzi. Ana anakuwa ngati timu yagoletsa.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti za kaputeni palibe anazifunsanso. Mnyamata wina anafunsa adadi ngati pansi pa sitimapo pankatentha kuposa mu uvuni wa buledi, ndipo adadi anayamba. Anawauza kuti manja a agogo analibe cheya mpaka m'zigongono chifukwa chinapserera kalekale, kuti ankamwa madzi ndowa yathunthu pa ulendo umodzi, ndi kuti sitima ikakumana ndi mwera kaputeni ankafuulira m'paipi yopita pansi kupempha nthunzi, pakuti iye ndi chipewa chake sakanatha kuisuntha ngakhale phazi limodzi. Anawauzanso kuti m'sitima zausodzi za ku Ulaya zija munalinso anthu otero, kungoti iwo ankaponya malasha. Anayankhula nthawi yaitali kuposa imene anapatsidwa, ndipo Madamu sanawadule. Wambui anandikodola n'kundinong'oneza kuti ndine wabodza wamkulu amene anamuonapo, kenaka anapempha kuti naye adyetseko moto. Anapsa chala, ndipo anachionetsa kwa aliyense sabata yonse. Madamu anandipatsa chilango cha bodza, kusesa kalasi masiku atatu, n'kupempha usipa wotsalawo kuti akaphike.

Papita zaka zambiri. Ine ndinabwereranso ku Nairobi ndili wamkulu, ndi ntchito yangayanga, ndipo ndimakhala ku Ruaka, kumene nthawi ija kunali minda ya khofi ndi ng'ombe koma lero nyumba zosanja zikumera mwezi ndi mwezi. Usipa sitigawananso ndi kapu. Umangolemba uthenga pafoni, wina n'kubwera nawo Lachisanu. Ana anga akapatsidwa ntchito yotere kusukulu amaipeza yonse pafoni asanamalize n'komwe kumwa tiyi, sitima ikuyenda, utsi ukutuluka, wofotokoza akufotokoza. Amadziwa zambiri kuposa zimene ine ndinkadziwa, sindikana. Koma sanapsepo chala, ndipo sindikudziwa ngati ndiwamvere chisoni kapena nsanje.

Adadi anapuma ntchito, ali ku Zomba, amaweta nkhuku ndi kukangana ndi wailesi. Chaka chatha nditapita kukawaona tinakhala pakhonde masana tikusenda mtedza, ndipo nkhani ya sitima ija inatulukira yokha. Tinaseka mpaka kutsokomola. Ndiye ndinawafunsa chimene ndinkafuna kuwafunsa kuyambira kale, kuti n'chifukwa chiyani sanandikalipire tsiku limene anawerenga kabuku kaja. Anafikisa mtedza m'manja, n'kuuzira makoko.

"Ndikanakukalipira ndi pakamwa pati?" anatero. "Ine ku sekondale ndinauza anzanga kuti bambo anga ndi injiniya wa sitima. Tsiku lina anabwera kudzandiona, atanyamula nzimbe ndi chinangwa, manja aja ali poyera. Ndinawalandirira kuseri kwa geti kuti anzanga asawaone. Iwo anazindikira, koma anangondipatsa katunduyo n'kubwerera."

Anatola mtedza wina, koma sanausende.

"Tsiku lija m'holo muja kanali koyamba kuti ndinene pagulu ntchito yeniyeni ya bambo anga. Ukanapanda kuyamba iweyo, sindikudziwa ngati mawu akanatuluka. Iwe zinakutengera milungu itatu, mwana wanga. Ine zinanditengera zaka makumi atatu, eni ake atapita kale."